Bere Losamva Moto

Ndikudziwa kuti ena awerenga nkhaniyi n'kupukusa mutu, kunena kuti mayiyu wangopeka. Ine nzeru zopekera nkhani ndilibe, sukulu ndinalekezera panjira, ndipo chipsera chake ndili nacho pansi pa bulauzi imene ndavalayi. Mayi aliyense wokayika abwere kumsika wa pa Boma, tipite kuseri, ndimuonetse. Mayina okha sinditchula, chifukwa ena mwa anthuwa ali moyo ndipo ena anagona, ndiye ogonawo sangadziyankhire.

Kwathu ndi kuchigawo chapakati, ku Mzimba kuno ndinabwera ndi ukwati. Bambo a ana anga kwawo kunali ku Engutwini, koma tinkakhala m'zisakasa kunkhalango ya paini ku Luwawa, kumene iwo ankacheka matabwa kwa bwana wina amene anali ndi makina ake. Ife amayi ntchito yathu inali kusenza matabwa pamutu, kuchoka kuchigwa kumene achekera kukafika kumsewu kumene malole amaima. Amene sanasenzepo thabwa laliwisi asamanene kuti ntchito ya amayi ndi yopepuka. Limalemera ngati mwala, utomoni umamata tsitsi, ndipo pokwera chitunda uyenera kuligwira ndi manja onse awiri m'mwamba, apo ayi likugwetsa.

Matenda anayamba ngati kambulu kakang'ono m'bere lakumanja, kosapweteka, ndiye ndani amapita kuchipatala ndi chinthu chosapweteka? Pamene ndinkapita n'kuti katakula. Ananditumiza kuchipatala chachikulu kumzinda, kumeneko anati ndi khansa, ndipo bere analichotsa lonse, kenaka mankhwala a m'dripi aja othothola tsitsi. Ndinachira, Mulungu ndi wabwino, ndinabwereranso kumatabwa. Koma mbali imodzi inali pululu, ndiye ndinkapinda sanza n'kuika m'kamisolo. Tsiku lina ndikuwerama kuti ndisenze, sanza zija zinagwera pautuchi pamaso pa amuna ocheka, wina n'kuseka, amvekere amama mwataya katundu wanu. Bambo a ana anga anazitola okha, anazikung'untha, n'kundipatsa, koma pobwerera kunyumba anandiuza kuti tsiku limene adzamve kuti pali njira yokonzera, adzandiperekeza ngakhale wapansi.

Njirayo inapezekadi. Ndikupita kukaonedwa monga mwa nthawi zonse, anesi anandiuza kuti kukubwera madokotala akunja amene amamanga bere latsopano ndi mnofu wa mwiniwake, wotenga kumsana, ndipo akufuna amayi ochepa amene matenda sanabwerere. Ndinavomera. Koma madokotalawo asanafike, lole ya matabwa imene bambo a ana anga anakwera pamwamba inagubuduzika pamtsetse, matabwa n'kuwapsinja. Ndinakawaona ali pambali pa msewu atawafunditsa nthambi za paini, ntchentche zobiriwira zija zikuzungulira. Ntchentchezo muzikumbuke, zibweranso.

Anthu anandiletsa, amati mkazi wovala zakuda akufuniranji bere, akufuna kuonetsa ndani? Ine ndinati ndipita, chifukwa ndi chinthu chomaliza chimene malemuwo anandifunira. Alamu anga, achemwali awo aakulu a malemu, ndiwo okha anaima nane. Anasiya munda wawo ku Engutwini n'kubwera kudzakhala ndi ana anga awiri. Mayi ameneyu mumumvetse bwino, chifukwa zimene zikubwerazi mungamuganizire zoipa. Anali munthu wamanja ofunda, azamba a m'mudzi osalembedwa, amene theka la ana a kwawoko anabadwira m'manja mwake.

Opaleshoni inayenda bwino. Ndinadzuka ndili ndi bala lalitali kumsana, timachubu tikutulutsa madzi, ndipo pachifuwa panali bere, lopanda nsonga koma bere ndithu, lofanana ndi linzake ukavala. Ponditulutsa anandilangiza zambiri, dokotala akulankhula Chingerezi, anesi akumasulira mothamanga. Chimene ndinagwira ndi chakuti ndisanyamule zolemera, ndisakweze mkono, ndipume miyezi ingapo. Mwina ananenanso zina, sindikana, koma mutu wa munthu wamasiye amene wangochoka pampeni umasunga zingati?

Kupumako ndiye kunavuta. Nditangokhala pang'ono panyumba, akapitawo anabwera, chipewa m'manja, mwaulemu ndithu, kudzandiuza kuti abwana akufunsa. Akuti chisakasa chimene tinkakhala ndi cha antchito, mwamuna wantchitoyo kulibe, ndipo ngati inenso sindikusenza, pali amayi ambiri ochokera ku Jenda amene akudikira malo. Anati iwo sakundithamangitsa, akungopereka uthenga. Ndinayang'ana ana anga, wamkulu anali atatsala pang'ono kulemba mayeso a sitandade eyiti pasukulu ya pafupi pomwepo. Ndikanapita nawo kuti? Ndinawathokoza m'Chitumbuka kuti yewo adada, Lolemba mundiona.

Ndinayamba ndi matabwa ang'onoang'ono, kugwira ndi dzanja lamanzere lokha, anzanga akundisenzetsa ndi kunditula. Koma thabwa silidziwa kuti munthu wadwala. Likapendekeka pachitunda, dzanja lamanja limakwera lokha, ndipo ndinkamva kumsana kukukoka ngati nsalu ikufuna kung'ambika. Inali nyengo yozizira, ndipo kuzizira kwa ku Luwawa mukukudziwa, chifunga chimakhala mpaka dzuwa litakwera. Pofika kumapeto a sabata phewa linauma, m'khwapa munatupa, bere latsopano lija linalimba ndi kuzizira ngati dongo la kudambo.

Lamlungu titachoka kutchalitchi, alamu anandiona ndikulephera kuvula bulauzi. Anandikhazika pampando m'bafa la udzu kuseri, n'kuligwira berelo ndi chikhatho. Anati mulamu, ichi chazizira chomene, magazi agona, thupi lotere sitilisiya, timalithowa. Inu amayi mukudziwa kuthowa, kunyika kansalu m'madzi otentha n'kumadinda pamene pakupweteka, monga timachitira ndi mayi amene wangobereka kumene. Ndani mwa ife sanathowedwepo? Ine pa ana anga onse awiri anandithowa alamu omwewa, ndipo ndinadzuka wamphamvu. Ndinavomera ndi mtima wonse.

Anatereka madzi mumphika waukulu, anabwera nawo akufuka nthunzi. Anayamba paphewa, ndinalumpha, iwo n'kuseka, amvekere mukuopa madzi ngati mbuzi, mayi wamkulu ngati inu. Anathirako ozizira pang'ono. Atafika pabere lija, ndinangokhala phee. Anandifunsa ngati ndikumva, ndinati ndikumva kuti mukukankha, koma kutentha ayi. Anadinda kachiwiri, chimodzimodzi. Apo nkhope yawo inasintha, anati mbwenu magaziwo agona tulo tofa nato, afunika madzi enieni kuti adzuke. Anabwerera kumoto n'kutenga owira, osathirako kanthu, kansalu akukagwira ndi timitengo tiwiri chifukwa manja awo omwe sakanapirira. Dontho limodzi linagwera pamimba panga ndipo ndinakuwa, koma kansalu konse kali pabere ine osamva kalikonse, ndikungocheza nawo za mitengo ya feteleza.

Atachotsa, khungu linali litafiira. Alamu anaomba m'manja, anati mwaona mulamu, ladzuka, magazi abwera. Inenso ndinakondwa, ndinawathokoza. Ndipo phewa linamasukadi, ndiye ndinawapempha ndekha kuti tizichita tsiku lililonse ndikaweruka. Tinachitadi.

Matuza atatuluka, alamu anati ndi madzi oipa a opaleshoni akutuluka, anawaboola ndi minga n'kupitiriza. Kenaka pakati pa bere panayera ngati phulusa, n'kuyamba kuda. Ululu panalibe, ndipo ndicho chinandipusitsa. Thupi langa lonse moyo wanga wonse linkandiuza likavulala, ndiye ndinkati chinthu chosapweteka sichingakhale choopsa, kuiwala kuti kambulu kaja nakonso sikankapweteka.

Nthawi yomweyo kuntchito kunayamba manong'onong'o. Mayi wina amene ankandithandiza kusenza anali atandiona ndikusamba kumtsinje, ndipo nkhani inafika kwa ocheka. Bambo wina wachikulire amene anakhalitsa ku Joni anayamba kuuza anthu kuti iye zinthu izi akuzidziwa, azungu samanga bere, amakatenga kunyumba yachisoni pa mtembo wa mkazi wina n'kukusokerera, ndiye mwiniwake akayamba kuola kumanda, nalonso limaola, n'kukutenga iwe wemwe. Atandiuza anzanga ndinaseka, ndinati bala la kumsana ndili nalo, mnofuwu ndi wanga. Mmodzi anandifunsa mofatsa, osati mwachipongwe, kuti kodi amama, pamene ankadulapo munali maso? Funso limenelo linandilowa ngati minga. Ndinali mtulo. Ndinaona chiyani ine? Ndipo ngati ndi langa, bwanji likuzizira, bwanji silikundimva, bwanji ndikalitsina zimakhala ngati ndatsina munthu wina? Kuyambira tsiku limenelo amayi ena anasiya kudya nane mbale imodzi, ndipo pamzere wosenza ankasiya mpata pakati pa ine ndi iwo.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali lowala bwino, chifunga chitachoka msanga. Ndinali ndekha m'kanjira ka pakati pa mapaini, thabwa pamutu, anzanga atatsogola. Ndinayamba kumva fungo. Ndinati mwina pali galu wakufa m'tchire, ndinafulumira kuti ndilipitirire, koma fungo linkayenda nane. Ndinakwera chitunda, lilipo. Ndinatsika, lilipo. Kenaka ndinamva kulira kwa ntchentche, imodzi, ziwiri, n'kuona zikutera pabulauzi yanga yakuda, mbali yakumanja yokha, zobiriwira zija, zomwe zija ndinaziona pa nthambi zimene anafunditsa bambo a ana anga.

Ndinaponya thabwa pansi, ndinalowa kuseri kwa mtengo, n'kumasula mabatani. Kansalu kamene alamu anandiikira m'mawa kanali katamatirira. Ndinakoka pang'onopang'ono, ndipo khungu linabwera limodzi ndi kansaluko, lakuda, lofewa ngati tsamba la dzungu lophika, pansi pake mnofu wotuwa ukutuluka madzi. Anzanga, ndinaimirira pamenepo nditagwira khungu langa m'manja, ndikudikira ululu kuti ubwere, ndipo sunabwere. Chikanandipweteka ndikanalira n'kudziwa kuti ndili moyo. Koma kuona thupi lako likuola iwe uli chilili, osamva kanthu ngati mtembo, mantha ake ndilibe nawo mawu. M'mutu munabwera zinthu ziwiri zokha, kuti mwina khansa yabwerera kudzamaliza, kapena bambo wa ku Joni uja ananena zoona, pali mkazi wina m'manda amene akufuna chake. Zonse ziwiri zinkathera pamodzi, ana anga kutsala opanda bambo, opanda mayi, m'chisakasa cha eni.

Sindikudziwa mmene ndinafikira kunyumba. Alamu ataona anakhala pansi, nawonso mantha anawagwira, anati zimenezi pa uzamba wawo wonse sanazionepo, ndipo si za chipatala, tipite kwa munthu wina wa ku Embangweni amene amadziwa kubweza za akufa, koma choyamba atume uthenga kwa apongozi ku Engutwini, chifukwa mkamwana wovala zakuda sayenda popanda mawu a eni mudzi. Ine amene sindinawatsutsepo chikwatiwire, tsiku limenelo ndinakana. Ndinati alamu, uthenga ukamapita ndi kubwera ine ndikhala nditatha, amene anasoka ndi achipatala, akaone okha chimene anandisokerera, ngati ndi cha mtembo akandiuze pamaso. Alamu anamanga chitenje n'kunena kuti tiyeni, apongozi ndikawayankha ndine.

Galimoto yopita ku Boma inalipo imodzi yokha, lole ya matabwa, ndipo kutsogolo kunali kodzaza. Chimwalirire bambo a ana anga ndinali nditalumbira kuti sindidzakweranso pamwamba pa matabwa. Ndinakwera. Tinadutsa pamtsetse womwe uja, lole ikulira, matabwa akugwedezeka pansi pathu, alamu atandikumbatira mbali yamanzere akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, uku akuingitsa ntchentche ndi mpango wawo.

Kuchipatala cha pa Boma anatilowetsa msanga, ndikhulupirira chifukwa cha fungo. Anesi achikulire ndithu, a magalasi, anatsegula n'kuyang'ana nthawi yaitali, anaitana adokotala, anayang'ana onse awiri. Ine ndinalimba mtima n'kufunsa ngati berelo ndi la munthu wakufa. Anesiwo sanaseke. Ananditembenuza, anayendetsa chala pa bala la kumsana, n'kundiuza kuti mnofuwu ndi wanga ndithu, unachoka apa, ndipo sanaudule n'kuuchotseratu, anangouzungulitsa kudzera m'khwapa uli ndi mtsempha wake wa magazi. Kenaka anati chimene akuona iwo si khansa, chikuoneka ngati kupsa, ndipo anafunsa ngati ndinagwera pamoto kapena ndimaphika moyandikira kwambiri. Ndinakana. Apo alamu analowererapo, monyadira ndithu, pofuna kuonetsa kuti wodwala wawo sanamutaye, anati amama, moto ayi, ife takhala tikumusamala chomene, tsiku lililonse kumuthowa ndi madzi owira kuti magazi adzuke.

Anesi anavula magalasi, anakhala pabenchi pafupi ndi alamu, n'kuwafotokozera m'Chitumbuka, mofatsa ngati akulankhula ndi mwana, kuti mnofu ukasamutsidwa umapita ndi magazi ake koma timitsempha tomvera timaduka, ndiye sumva kutentha, sumva kuzizira, ndipo umapsa msanga kuposa khungu lina lililonse. Kufiira kuja sikunali kudzuka, kunali kupsa. Matuza aja sanali madzi oipa. Ndinaona alamu akuyang'ana manja awo, kuwatembenuza uku ndi uku ngati si awo, kenaka anatsetsereka pabenchi n'kugwada pasimenti, akungobwereza kuti ndaphika mulamu wane, ndaphika mulamu wane. Ine amene ndinabwera kudzafa ndi amene ndinawadzutsa. Ndipo ndikuuzeni zoona, mumtima mwanga nthawi imeneyo munali chimwemwe chachilendo, chifukwa kupsa ndi chinthu cha anthu amoyo.

Ananditumizanso kuchipatala chachikulu. Kumeneko anadula zonse zimene zinafa, anayeza n'kupeza kuti khansa palibe, ndipo anatenga khungu pantchafu n'kuphimba. Anati ndikanachedwa pang'ono zoola zikanalowa m'magazi. Bere linatsala, koma laling'ono, lokwinyika, pakati pali chigamba chamakona ngati kansalu kaja. Pamene ndinkatuluka n'kuti chisakasa atapatsa ena. Chimene ndinkathamangira kuteteza ndi thabwa pamutu chinapita ndithu, ndipo dziko silinathe. Alamu anatenga ana anga kupita nawo ku Engutwini, anagulitsa mbuzi zawo n'kundiyambitsa geni ya mbatata ya kachewere pa Boma pano, ndipo wamkulu uja mayeso ake analemba chaka chotsatira. Mpaka tsiku limene alamu anamwalira sanathowenso munthu. Amayi akabereka ankawaitana, iwo n'kukana, amvekere manja awa anapuma.

Ine sindinawasungire kanthu, ndipo sindikunena kuti kuthowa n'koipa, kwathandiza amayi ambiri. Madziwo sanayambe okha, anabwera chifukwa cha phewa lotupa, ndipo phewa linatupa chifukwa ndinasenza nthawi isanakwane, poopa mawu a akapitawo. Chimene ndikhulupirira lero ndi chakuti ululu umene timaudandaula ndi mlonda amene Mulungu anatipatsa, ndipo pamalo pamene mlondayo wachoka, mwini thupi ayenera kulondera yekha ndi maso. Bere limeneli ndimalisamala ngati khanda losatha kulira. M'mawa uliwonse ndimaliyang'ana pagalasi, pamoto ndimakhala chammbali, ndipo kumsika ndimakhala pamthunzi, chifukwa anesi aja anandiuza kuti ngakhale dzuwa pansalu yakuda likhoza kuliwotcha ine ndikuseka ndi makasitomala.

Ndiye inu amayi amene mwachitidwa opaleshoni yotere, kapena muli ndi m'bale amene wachitidwa, akakuuzani kuti mupume, pumani, ntchito imapeza wina tsiku lomwelo koma ana anu sapeza mayi wina. Ndipo wodwala akakuuzani kuti sakumva kutentha, musawonjezere moto, chotsani mphikawo. Mwana wanga wamkazi atabereka chaka chatha, anandipempha kuti ndimuthowe monga ankachitira azakhali ake. Ndinatereka madzi, ndinaviika chigongono changa choyamba, ndipo nditamudinda anakuwa kuti amama mukundiwotcha. Anadabwa kuona ndikulira uku ndikuseka. Ndinamuuza kuti kuwa mwana wanga, kuwa ndithu, azakhali ako anadikira mawu amenewo kwa ine ndipo sanawamve.